Khadi la Ubatizo la Esinati

Ana inu, ndalemba izi m'kope chifukwa ndikamayankhula mumandidula pakamwa, makamaka iwe Tadala ndi mafunso ako a Fomu 2. Kope silidula munthu. Zilembo zikapendekeka musaseke. Ndinalekezera Sitandade 2 pasukulu ya mishoni, mphunzitsi atatopa nane ine ndisanatope naye.

Dzana ndinakumvani pansi pa mango paja mukukangana za mayi wa ku Lilongwe amene watenga mwana kunyumba ya ana amasiye. Wina anati wachita kugula. Wina anati mwana wa mwini ndi gaga, saundika, akadzakula adzathawa. Iwe Yamikani unati bola pepala, likangodindidwa nkhani yatha. Ndinaseka mpaka fodya wanga wapamphuno kutayikira pansi. Mumanena za gaga osadziwa kuti mukutukwana mayi anu.

Inde, mayi anu Esinati. Sanabadwe mwa malemu agogo anu aNachisale. Mayi anuwo akudziwa bwino, ndipo andiloleza kuti ndikuuzeni, bola ndisawonjezere zanga. Ndiyesetsa.

Zinali zaka za m'ma 50, nthawi imene anthu ankatukwana Chitaganya monong'ona. Ine ndinali mkamwini kumudzi kwa aNachisale, chakufupi ndi Santhe. Inu anyamata a lero mumakwatira n'kutengera mkazi kutauni ngati wailesi. Ife unkapita kwa mkazi, apongozi n'kukupatsa kamunda kofanana ndi mphasa, iwe n'kumathokoza mogwada. Pakamundako ndinkalima chikopa, fodya wofukiza uja. Simumudziwa inu. Tinkamusoka pamikangala, kumupachika m'chigafa chomata, pansi n'kukoleza zikuni zofuka. Ukatuluka mmenemo maso ali psuu, ngakhale galu wako ankakuuwa.

Tinakhala madzinja asanu ndi limodzi popanda mwana. Amayi a pamtondo ankanong'ona kuti ndinagwa mumpapaya, chonsecho m'mudzimo munalibe ndi mpapaya womwe. Ine ndinkaseka nawo. ANachisale sankaseka. Ankangopita kuchitsime mochedwa, anzawo obereka ana kumbuyo atachokako.

Kumudzi woyandikana nafe kunali mayi wina, Nabanda, wochokera ku Kapelula. Anabwera pachitengwa, ndipo mwamuna wake, aMbewe, anapita ku Halale n'kutchona, osatumiza kalata kapena bulangete. Nabanda anamusiya ndi pakati. Atachira, anangokhala masiku anayi n'kumwalira. Pamaliro khanda linkalira m'manja mwa achibale a mwamuna, iwo akungoyang'anizana. Panalibe woyamwitsa. Mayi ake a Nabanda anali atamwalira kale, mlongo wake mmodzi yekhayo ali ku Joni kumigodi. ANachisale, amene ankatunga chitsime chimodzi ndi malemuyo, anangomasula nsalu yawo, kunyamula khanda, kubereka. Palibe anawaletsa. Ndikuganiza kuti ena anapumira m'mwamba.

Anandipeza ndikusoka fodya.

"Abambo, siyani zimenezo, mukakame mbuzi."

"Mbuzi? Nachisale, Mchewa mbuzi amadya, sakama."

"Muyamba lero."

Ana inu, mbuzi imamenya mateche kuposa bulu. Inandigwetsa chagada kawiri, kachitatu ndinaimanga miyendo ndi luzi n'kuipepesa. Mkakawo tinkawiritsa n'kumamwetsa khandalo ndi supuni, dontho limodzilimodzi. Kunalibe mabotolo anu aja okhala ndi nsonga ya labala. Kenako tinayamba kumupatsa dawale, timadzi ta phala topyapyala. Amayi a pamtondo aja anati sadutsa mwezi. Anadutsa. Anati sakwawa. Anakwawa mpaka kukalowa m'chigafa n'kutuluka wakuda ngati mphika.

Abusa atabwera kudzabatiza ana, ndinapita naye ndekha kutsogolo, chifuwa chili patsogolo ngati tambala. Anandifunsa dzina, ine ndinati Esinati Phiri, mwana wa Yelemiya Phiri. Analemba pakhadi, n'kumenyapo chidindo cha mpingo. Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo pepala linali chinthu choopsa. Kuti ugulitse fodya, pepala. Kuti upite ku Halale, pepala. Munthu wokhala ndi pepala lodinda ankayenda mosiyana ndi anzake. Choncho ine ndinadziwa mumtima mwanga kuti nkhani yatha, mwana ndi wanga ndithu, ngakhale Mfumukazi ya ku Mangalande itabwera ndiionetsa khadi. Ndinalikulunga m'kansalu, kuliika m'chitini cha tiyi, kulipachika kudenga kuopa chiswe. Pakhomo ndinkamuitana kuti Naphiri, mokweza, kuti a pamtondo amve.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina m'chilimwe, fodya titagulitsa kale, panafika munthu wovala chikhoti chachitali dzuwa lili phwee, chipewa cha ku Joni, akutsokomola. Dzanja lake lamanja linalibe chala cha mkombaphala. Anakhala pansi, kuwomba m'manja mwaulemu, n'kulonjera aliyense mpaka nkhuku.

"Ine ndine Sandalamu Banda wa ku Kapelula, mlongo wake wa malemu Nabanda. Ndabwerako kumigodi. Ndamva zonse zimene munachita, ndipo pakamwa panga pachepa kuti ndithokoze. Koma ndabwera kudzaona mbumba yanga. Mvula isanagwe ndidzamutenga."

Ndinalumpha ngati ndakhalira linthumbu. Chitini chija ndinachitsitsa pamodzi ndi udzu wa denga. Ndinamuwerengera khadi lonse mokweza, mpaka dzina la abusa. Iye analilandira ndi manja awiri, kuliyang'ana, kundibwezera.

"Ndi labwino, aPhiri. Ku Joni ndaona mapepala ochuluka kuposa masamba a fodya wanu. Sindinaonepo limene linabala munthu."

Mukudziwa mwambo wathu, kapena mwina simukudziwa poti mumaphunzira za mitsinje ya ku Amereka. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Mwinimbumba ndi malume. Bambo, ngakhale wobala weniweni, ndi tambala wobwereka. Nanga ine amene ndinangokama mbuzi? Koma ndinati ayi, mwambo ndi wa kumudzi, ine ndili ndi lamulo la boma m'chitini. Ndipo mumtima ndinali nditamuweruza kale munthuyo: wadikira kuti mwana akule, tsopano akufuna womutungira madzi.

Mmawa mwake ndinathamangira pa Santhe kwa Che Jafali, Msilamu wa sitolo amene ankasokanso zovala pakhonde. Ndiye yekha anali ndi njinga yoti n'kufika nayo kuboma. Ndinamufotokozera zonse iye akupalasa makina ake.

"Yelemiya," anatero osadzutsa mutu, "ife m'chipembedzo chathu wamasiye timalera, ndipo ndi dalitso lalikulu. Koma dzina la bambo ake sitimulanda."

"Che Jafali, mundibwereke njinga. Ulaliki ndikamva Lamulungu kwathu."

"Tenga. Ilibe belu, uzikuwa."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Jekete ndinabwereka kwa mlamu wanga, manja ake othera m'zigongono. Khadi ndinaliika m'chipewa, chipewa n'kuchimanga ndi luzi kuchibwano. M'thumba mbatata zootcha ziwiri. Msewu sunali wa tara ngati uwu mumakwerapo minibasi mukudandaula kuti mwapanikizana. Unali mchenga, ndipo njinga ikalowamo inkaima yokha, iwe n'kupitirira. Ndinagwa kanayi. Koma ndinkaimba, ana inu. Ndinkaimba nyimbo zonse za m'buku, poti ndinkadziona ndikubwerera ndi msilikali wa boma pambuyo panga, Sandalamu akuvula chipewa chake cha ku Joni. Phiri la Kasungu linkaoneka pafupi kuyambira mmawa, koma limathawa phiri limenelo. Ndinafika dzuwa litapendeka.

Mesenjala anandilozera kwa kalaliki, bambo wochepa thupi wa mandala, amene Chichewa chake chinkakwera ndi kutsika ngati cha Atumbuka. Ndinamasula luzi, kuvula chipewa, kuika khadi patebulo mwamphamvu pang'ono. Ndinafotokoza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene inu simuchita.

"Dada," anatero, "khadi ili likukamba za kumwamba."

"Pali dzina langa apo."

"Lilipo chifukwa munawauza ndinu. Mukanati mwana wa Kaisara akanalemba. Khadi ili likuti mwanayu ndi wa Mulungu. Silikuti ndi wanu."

"Nanga chidindocho?"

"Ndi cha mpingo. Kuno sichilowa."

Thukuta linanditsika mpaka m'jekete la mlamu. Ndinafunsa ngati kulera mwana zaka zisanu ndi chimodzi sikukupanga munthu kukhala bambo pamaso pa boma. Anati ayi, ngakhale zaka makumi awiri. Kenako anandiuza kuti lamulo lotengera mwana lilipo, kungoti anthu akumudzi sabwera nalo kawirikawiri. Anati umapita kukhoti, woweruza n'kufufuza ngati mwanayo akhale bwino kwa iwe. Koma choyamba eni ake avomere: bambo womubala ngati ali moyo, ndi amene ali ndi udindo pamwanayo.

"Bambo ake anatchona."

"Za munthu wosapezeka khoti limadziwa chochita. Koma malumewo sanatchone. Pafunika chala chawo."

"Ndikawapatsa mbuzi ziwiri?"

Anavula mandala aja. "Mawu amenewo muwasiye panja pamodzi ndi njinga. Mwana saperekerapo kanthu. Mukawanena pamaso pa woweruza mugona konkuno. Ndipo mumvetse, dada: khoti likavomera, mwanayo pamalamulo sakhalanso wa kwawo. Akhala ngati munabala ndinu. Malumewo muwauze zimenezo asanadinde. Akakana, nkhani yanu ipita kubwalo la kumudzi, ndipo mwambo wanu Achewa mukuudziwa kuposa ine. Kwathu ng'ombe zikapita mwana ndi wa bambo. Kwanu kuno abambo mumangoperekeza."

Pa zonse zimene ananena, ine ndinatolapo mawu amodzi: chala. Ndinagona pakhonde la mnzanga wina, mmawa n'kupalasa kubwerera ndili ndi nzeru yatsopano yotentha m'mutu. Ndikuuzani poti ndakalamba, manyazi anatha ndi mano. Ndinaganiza zolemba kalata ndekha, kusungunula buluu wochapira uja, kumuitanira Sandalamu mowa, akakhuta n'kumuuza kuti boma likulemba mayina a obwera ku Joni, adinde apa. Ndinaona kuti ndine wochenjera kuposa Kasungu yense.

ANachisale anandimvetsera akupeta. Atatha anaika lichero pansi.

"Ndiye akadzakula mudzamuuza kuti chiyani? Kuti tinamuba ndi buluu?"

"Sadzadziwa."

"Mudzi wonse ukudziwa, abambo. Amene sakudziwa ndi iye yekha, ndipo ndife tam'chimwira. Timuuze lero. Mawa tinyamuke, tikaone kumene akufuna kupita nayeko."

Tinamukhazika Esinati pamphasa. Amene anayankhula ndi aNachisale. Anamuuza za Nabanda, za aMbewe, za malume ake a chikhoti aja, za mbuzi. Esinati anafunsa kuti, "Ndiye mbuzi ijanso ndi amayi anga?" Tinaseka mpaka misozi. Koma misozi isanaume anafunsanso, "Mukandisiya kumeneko?" Ine ndinatuluka kukayang'ana chigafa chimene munalibe kanthu.

Tinayenda pansi masiku awiri, mwana pena kumsana pena paphewa panga. Panjira tinkadya chimanga chokazinga ndi masuku otola. Inu mukafuna kupita ku Santhe mumayamba mwafunsa ngati kuli galimoto.

Ine ndinkayembekeza kukapeza mudzi waukulu, akazi a Sandalamu atakhala pakhonde kudikira kapolo. Tinapeza nyumba zitatu. Kuzungulira konse mabwinja, mitengo itamera pamene panali maziko a moto. Minda yaikulu, dothi lofiira lokoma loti chikopa n'kutalika kuposa munthu, yonse itabwerera kutchire. Msitu wa manda unali waukulu kuposa mudzi. Panali nkhalamba ziwiri zazikazi zimene zinatha kubala kalekale, ndipo zitamuona Esinati zinayamba kulira, zikuti Nabanda wabwera.

Sandalamu anatiyendetsa m'malire monse. Pomaliza anaima pachulu.

"APhiri, ana anga ine ali kwa mayi awo ku Simlemba, ndi a kumeneko. Alongo anga anali atatu, onse anamwalira. Mwana wamkazi wotsala m'mbumba yonse ndi uyu. Akapanda kubwera, ine ndikatsokomola komaliza mudzi wa amayi anga watha, minda iyi agawana alendo."

Ndinachita manyazi ndi madzi aja ndinkati akufuna womutungira. Komabe ndinalimba mtima, ndinamuuza zonse za kalaliki, mosabisa, ngakhale zoti akadinda mwanayo sakhalanso wa kuno. Ndinamupempha chala. Anatambasula dzanja lake lija.

"Chimodzi ndinasiya kumgodi, sindinafunsidwe. Ichi mukundifunsa, ndipo ndikukana. Sindingatseke nacho mudzi."

"Ndiye ife tibwerere manja lende?"

"Muzibwera kudzamuona."

Esinati anali atagwira nsalu ya aNachisale ndi manja onse awiri, nkhope ataibisa. Khadi linali litagwa, buluu atagwa, lamulo lili kumbali ya Sandalamu, mwambo uli kumbali ya Sandalamu, ndipo choipitsitsa, munthuyo sankalakwa. Ndikanakonda akanakhala woipa.

Apo aNachisale, amene sankayankhula pagulu la amuna, anagwada.

"Achimwene, minda iyi alime ndani?"

"Ndi mphamvu zanga zomwezi."

"Ndi chifuwa chimenecho? Nanga mwanayu akadwala, amufunditse ndani? Agogo awa saona. Mwana ndi wanu, sitikukana. Koma mukamutenga, mutenge ndi msana umene wakulirapo."

Sandalamu anawafunsa, "Mukutanthauza kuti musiye mudzi wa amayi anu? Munda wanu?"

"Kwathu kuli azing'ono anga anayi, mudzi sutha. Kuno kuli mmodzi."

"Nanga amuna anuwa?"

"Awa ndi mkamwini kale. Kulikonse amakhala pa eni."

Ana inu, munthu uja anaseka mpaka chifuwa kumugwetsa pachulu. Ine ndinafuna kukwiya, koma nditayang'ana dothi lofiira lija ndi kukumbukira kamunda ka ngati mphasa, ndinapezeka ndikuvina. Ndinavina ndithu, mkulu wa mpingo wa mawa, pamaso pa nkhalamba zolira.

Musaganize kuti zinali zophweka. Mkazi wa Chichewa kusiya mudzi wa mayi ake chifukwa cha mwana wosabala yekha, anthu anati aNachisale apenga. Apongozi anga sanatiyankhule zaka ziwiri. Malume awo a aNachisale anandiitana n'kundifunsa ngati ndawadyetsa mankhwala. Ndinati akulu, amene wadyetsedwa ndine. Munda wawo anaugawira azing'ono awo, ndipo sanaupondenso ngati mwini.

Tisanasamuke tinakhala pansi pamaso pa akuluakulu a midzi yonse iwiri, ndi achibale a aMbewe omwe tinawaitana kuti asadzanene kuti sanamve. Tinagwirizana poyera. Mwinimbumba ndi Sandalamu, ndipo adzakhala nkhoswe mwana akadzakwatiwa. Olera ndife. Mfunda wake ndi wa bambo ake omubala, Nambewe, osati Naphiri. Pamenepo pokha panandiwawa, ndipo Che Jafali atamva anandifunsa ngati ulaliki wake uja ndinakaupezanso Lamulungu. Kusukulu analembetsabe Phiri poti khadi linkatero. Ndi ntchito yokhayo imene linagwira.

Tinasamuka pangolo ya ng'ombe mitambo itayamba kuda, mikangala yanga pamwamba, ana a mbuzi ija akutsatira pambuyo, Esinati atakhala pamtondo ngati mfumukazi akuuza aliyense wokumana naye kuti akupita kwawo ndipo watitenga. Chaka chimenecho ndinalima chikopa mpaka kumanga zigafa ziwiri.

Iwe Yamikani, sindikuti pepala n'lachabe. Masiku ano anthu mukubalalika, mboni za pansi pa mtengo zimafa kapena kusamukira ku Lilongwe. Wina mwa inu akadzafuna kutenga mwana, apite kukhoti ndithu, achite zonse bwinobwino, asadzakhale ngati ine ndi chitini changa. Koma ayambe wafunsa kuti mwanayo ali ndi yani, ndipo akamuone yaniyo kwawo, ndi maso. Ndipo mwanayo amuuze.

Sandalamu anakhala nafe zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakangana tsiku ndi tsiku za kafukizidwe ka fodya, munthu amene ankangodziwa miyala. Unkhoswe uja sanaufikire, chifuwa chinamutenga Esinati asanakwatiwe. Koma anaona nyumba zitatu zija zitakhala zisanu ndi ziwiri. Lero werengani nokha, inu ndi amene mwadzaza.

Agogo anu aNachisale atamwalira, ena a inu munali aang'ono, abale awo anabwera kuchokera ku Santhe ndi galimoto kuti akawaike kwawo, monga mwa mwambo. Ine ndinalibe mawu, mkamwini sayankhula za manda. Anaimirira ndi mayi anu. Anati, "Mudzi uno ndi wanga, msitu uwo ndi wanga. Amayi anga agona kwa ine." A ku Santhe anabwerera ndi galimoto yopanda kanthu, ndipo aNachisale ali mumsitumo, pafupi ndi Sandalamu.

Choncho mukamandimva ndikukuwa kuti chokani m'munda mwanga, muzingochoka mwaulemu, koma dziwani kuti ndi matama chabe. Ndilibe munda kuno. Ndinabwera pangolo, wotengedwa ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi watha ndinawafunsa mayi anu ngati nanenso andisungira malo mumsitu muja, pafupi ndi mkazi wanga. Akuti aona kaye khalidwe.